Chipewa Chachikasu cha Munthu wa Nambala Teni

Chipewa chachikasu chija chagona m'nyumba mwathu zaka zambiri kuposa m'nyumba ina iliyonse m'tauni muno. Ndi chipewa cha asodzi, champhira, chotalika kumbuyo kuti mvula isamalowe m'khosi. Mwini wake anamwalira kalekale koma fungo la nsomba silinachoke. Chaka chilichonse mu Febuluwale timachita mpikisano wa masewera a makadi otchedwa poka m'holo ya parishi, wothandiza boti lopulumutsa anthu panyanja. Anthu naini amene atsala kumapeto, mayina awo amalembedwa ndi penti yagolide pabolodi la pafupi ndi khomo. Womaliza kutuluka iwowo asanatsale okha, munthu wa nambala teni, amavekedwa chipewa. Amayenda nacho wapansi mpaka kwawo, amagalimoto akumuimbira mahutala, ndipo amachisunga mpaka chaka chinacho.

Amene ankabwera nacho kwathu ndi amuna anga, a Malachy. Dzina langa lili pabolodi lija kangapo, kamodzi pamwamba penipeni. Lawo panalibe.

Sikuti sadziwa makadi. A Malachy anayendetsa boti lowolotsa anthu kupita kuchilumba mpaka kupuma ntchito, osagwetsera m'madzi ngakhale nkhosa imodzi, ndipo makadi amasewera momwe ankayendetsera botilo: kudikira nyanja igone. Mpikisano ukamayamba kumene, zimenezo zimathandiza. Anyamata a magazi otentha amatulutsana okhaokha, iwo ali phee, kutaya makadi oipa n'kumamwa tiyi. Chimene chimawapha ndi msonkho. Ulendo uliwonse makadi asanagawidwe, anthu awiri amaponya makobidi awo apulasitiki pakati pa tebulo, wina ochepa wina ochulukirapo, afune asafune, ndipo udindowo umazungulira mipando. Belu likalira, msonkho umakwera. M'mawa umaluma ngati udzudzu. Pofika masana umang'amba ngati galu. Munthu wodikira makadi okongola amatha ali chikhalire, mulu wa makobidi ake kumangofupika, ndipo makadi amene ankawadikirawo akamafika amakhala alibenso choopsezera anthu.

Ndinawauza m'khitchini, ndinawauza m'galimoto, ndinawauzaponso pobwera ku maliro a mlongo wawo. Mulu ukatsala wolipira msonkho kakhumi kokha, kusankha kwatha. Umakankhira zonse pakati ukadali ndi mano, anthu akadali ndi chifukwa chokuopa, ndipo kawirikawiri amataya makadi awo n'kukusiyira msonkho wonse. Iwo ankangoyankha kuti sanatulutsepo boti padoko chifukwa choti wotchi yanena.

Mnzawo pa kudikirako ndi a Ultan, mlimi wa nkhosa wa kumtunda kwa tchalitchi. Anakhala benchi limodzi kusukulu, ndipo pa ukwati wathu a Ultan ndiwo anasunga mphete, n'kuitaya, n'kuipeza m'sokosi. Chipewa chikapanda kubwera kwathu chimapita kwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti a Ultan dzina lawo lili pabolodi kamodzi, pansi penipeni, chaka chimene chimfine chinagoneka theka la tauni. A Malachy amati chaka chimenecho ngakhale mphaka wa abambo mfumu akanalembedwa. A Ultan amati penti sifunsa.

Chaka chatha maso a amuna anga anayamba kufa pakati. Dokotala wa ku Galway anati m'mbali aziona, koma chimene achiyang'ana chenichenicho chizisanduka nkhungu. Galimoto anasiya kuyendetsa. Nyuzipepala ndimawawerengera ine, za maliro ndi za mpira. Khadi kuti alione amalifikitsa pamphuno, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomwe yamva kabawi. A Concepta, amene amayendetsa mpikisanowu ndi nkhope yomweyo imene ankayendetsera positi ofesi, ananena mosabisa kuti palibe amene angaloledwe kuwawerengera makadi. A Malachy anati n'zoona, ndipo anati uno ndi ulendo wawo womaliza. Za bolodi sanatchule. Nthawi zonse amati penti yagolide ndi zachibwana. Koma Lamlungu lina titalowa m'holo kukatenga mipando, ndinawapeza akuyendetsa chala pa mayina aja limodzilimodzi. Ndinawauza kuti adetsa bolodi la eni.

M'mawa wa mpikisano, ndikuimika galimoto pafupi ndi mpanda, anandigwira mkono.

"Dympna, tikakumana patebulo limodzi musandilekerere dala kuti ndipulumuke. Ndikangomva fungo lake, ndikagona kwa Ultan."

"Kwa a Ultan kuli nthata," ndinatero. "Khazikani mtima pansi, ndikudyani ngati wina aliyense."

Kuno mkazi wolekerera mwamuna wake dala patebulo wabera anthu ena onse okhala pamenepo, ndipo nkhani yake imakambidwa mpaka adzukulu. N'chifukwa chake a Concepta amatikhazika matebulo osiyana mpaka zitakanika.

Kunagwa mvula yam'mbali tsiku lonse. Holo inkanunkha majekete onyowa ndi masangweji a hamu. Ine zinandiyendera. Kunabwera mnyamata wina wa ku Westport wovala magalasi akuda m'nyumba, amene ankaganiza kuti mayi wa imvi sanama kuti ali ndi makadi abwino pamene alibe. Nditamutulutsa ndinamupatsa sangweji ya panjira. Nthawi ndi nthawi ndinkaponya diso kutebulo la pafupi ndi zenera, kumene a Concepta anawakhazika a Malachy kuti kuwala kuziwathandiza. Ndinkaona msana wawo, mutu wopendekeka, makadi pamphuno, kenako makadiwo akutayidwa. Mulu wawo sunkakwera, sunkagwa. Alimi atayamba kusuzumira mawotchi chifukwa cha ng'ombe zofuna kukamidwa, tinali titatsala teni, ndipo matebulo awiri anawaphatikiza.

A Concepta anatenga makadi kuti azigawa okha. Chipewa anachiika pa piyano, poti aliyense achione.

Nthawi imeneyi ndi imene ndimaikonda pa mpikisano wonse, ndipo sindibisa. Aliyense amaopa chipewa. Munthu amene m'mawa ankaponya makobidi ngati akudyetsa nkhuku, apa amawakumbatira. Ndiye ukakhala ndi mulu waukulu, suyang'ana makadi ako kwenikweni, umayang'ana mantha a anzako. Umakweza makobidi obetcha ulendo uliwonse. Iwo amataya, iwe n'kumakokera msonkho kwako. Amene amapweteka kwambiri ndi a milu yapakati, chifukwa amaona kuti pali awiri ofooka amene afe posachedwa, ndiye n'kuferanji iwowo poyamba.

Awiri ofookawo anali a Malachy ndi a Ultan, ndipo anakhala moyandikana, phewa ndi phewa, ngati kusukulu kuja. Milu yawo inali yofupika mofanana, moti ndi maso wamba sukanadziwa wamkulu. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kufa.

"Madala, kodi mukadalipo?" anatero a Ultan, osawayang'ana. "Msomali wokolekapo chipewa uja kwanu mwaukhomanso bwino? Chaka chatha unkagwedera."

"Ukugwedera chifukwa cha jekete lanu, limene mumalikoleka pamenepo mukabwera kudzadya zaulere."

Msonkho wa a Malachy ndinaudya ndi makadi oti sungakolezere ndi moto. Anafikitsa awo pamphuno, anapendeketsa mutu, anataya. Ndinadyanso wa a Ultan, amene anandiuza kuti, alamu, kumwamba kulibe mipando ya anthu ngati inu. Belu linalira. Msonkho unakwera mpaka pamene milu ya awiriwo sikanaulipira ngakhale kanayi.

Ulendo umenewo msonkho waukulu unagwera a Ultan. Anauponya pakati akung'ung'udza. Woyamba kulankhula anali a Malachy, ndipo ulendo wotsatira msonkhowo unali wawo. A Concepta anagawa, makadi awiri kwa aliyense.

A Malachy sanawafikitse pamphuno. Anawasiya patebulo pomwepo, anaphimba ndi chikhatho, n'kupinda timakona ndi chala chachikulu monga achitira anthu openya. Anayang'ana pansi kanthawi, anagwedeza mutu pang'ono. Kenako anaika manja onse awiri kumbuyo kwa mulu wawo n'kuukankhira pakati.

"Zonse," anatero.

Aliyense m'tauni muno amadziwa kuti a Malachy akati zonse, ndiye kuti ali ndi maeyisi awiri, makadi oposa onse. Makadi anayamba kuuluka kupita kwa a Concepta, wina atataya asanawaone n'komwe bwinobwino. Mwamuna wa mphunzitsi anataya ake akuusa moyo, n'kunong'oneza kuti anali abwino. Mmodzimmodzi, mpaka inafika nthawi yanga.

Ine ndimawatsegulira makalata amuna amenewa. Ndimadziwa kuti pa mtunda umenewo saona ngakhale mbale ya phala, amaipeza ndi supuni. Sanaone kanthu. Anakankha mulu wawo wonse pa makadi awiri osawadziwa, msonkho usanawadule pakati, monga ndinkawauzira zaka zonsezi.

Ndinapinda anga. Eyisi ndi kwini.

Ndikanataya, palibe akanandinena. Eyisi ndi kwini pamaso pa maeyisi awiri a a Malachy ndi makadi otaya, ndipo holo yonse ikanavomereza kuti ndachita zanzeru. Iwo akanakokera msonkho, akanapuma, ndipo chipewa chikanayamba kuyang'ana a Ultan. Koma pamaso pa makadi awiri otoledwa mumdima, eyisi ndi kwini sutaya, makamaka uli ndi mulu ngati wangawo. Akanakhala mnyamata wa ku Westport uja, ndikanayankha asanachotse manja. Ndinawayang'ana. Nkhope yawo inali italoza kwa ine, koma maso ali pambali pang'ono, monga amachitira akafuna kundiona ndi m'mbali mwa diso. Ankadziwa kuti ndikudziwa.

"Ndayankha," ndinatero, ndipo ndinakankha makobidi ofanana ndi awo.

Wina kumbuyo anatchula dzina la Maria woyera. Awiri otsatira anataya. Anatsala a Ultan.

Zimene a Ultan anayenera kuchita, mwana wa sukulu angakuuzeni. Mnzako wofooka walowa yense, wamulu waukulu wamuyankha: umataya makadi ako, ngakhale akongole bwanji, n'kupinda manja. Mnzakoyo akafa, iwe walowa pabolodi osaponya kobidi lina. A Ultan anapinda makadi awo, anawaphimba, anapindanso. Kenako anasiya kuyang'ana makadi. Anayang'ana mulu wa a Malachy pakati paja, anayang'ana wawo, anayang'ana msonkho umene anali ataponya kale. Munthu amene wagulitsa nkhosa moyo wake wonse safunika kuwerenga kuti adziwe khola lodzaza kuposa linzake.

"Ndadikira tsiku lonse ndi tiyi wozizira," anatero. "Awa sinditaya."

Anakankha zawo zonse.

A Concepta sanasakanize milu. Anaisiya uliwonse pawokha n'kutiuza kuti titembenuze makadi. A Ultan anali ndi majeki awiri. Ine ndinaonetsa eyisi ndi kwini wanga. A Malachy anatembenuza awo n'kufunsa ngati tsopano malamulo akulola kuti wina awauze zimene ali nazo.

"Naini ndi folo," anatero a Concepta. "Osiyana mtundu."

"Ndaonapo zoipa kuposa pamenepo."

Holo inaphulika ndi phokoso. Mwamuna wa mphunzitsi anagwira mutu ndi manja onse awiri. A Ultan anati anadziwa kale, chifukwa munthu wokhala ndi maeyisi satuluka thukuta m'makutu. A Concepta anadikira phokoso lithe, ndipo poyala makadi asanu apakati, amene tonse timagawana, anayamba kuwatchula mokweza, chinthu chimene sanachitepo.

Atatu oyamba anali kwini, folo ndi thu. Kwini wanga anapeza mnzake, ndipo makwini awiri amaposa majeki awiri. Folo wa a Malachy naye anapeza mnzake. Anafunsa kuti akufunika chiyani, ndipo anthu angapo anayankha pamodzi kuti folo wina kapena naini. Anati sizambiri zopempha. Khadi lachinayi linali seveni. A Concepta anagogoda tebulo, anatembenuza lomaliza.

"Kingi."

Ndinawatulutsa onse awiri ulendo umodzi.

Palibe anawomba m'manja. Ndinamva maso a azimayi a kukhitchini pakhosi panga. A Malachy anakankha mpando, anaimirira, anakonza jekete. Anatembenukira kumene kunali piyano n'kutambasula dzanja, ngati munthu wolandira chipewa chake chomwe pa khomo la tchalitchi.

"Khalani pansi, a Malachy," anatero a Concepta. "Chipewa n'chimodzi, mitu ndi iwiri."

Lamulo lake ndi lakale, koma sitinaligwiritsepo ntchito pa nambala teni. Anthu awiri akatuluka ulendo umodzi, amene anali ndi makobidi ambiri makadi asanagawidwe ndiye amakhala pamwamba. A Concepta anatenga mulu wa a Ultan, n'kuwonjezerapo msonkho umene anaponya poyamba uja. Anasanja milu iwiriyo mtundu ndi mtundu, n'kuigundanitsa. Anthu anaimirira pamipando. Wa a Malachy unaposa ndi makobidi awiri obiriwira.

A Malachy anapempha kuti agwire. A Concepta, amene salola munthu kukhudza makobidi ali pakati, anatenga dzanja lawo n'kuliika pamwamba pa miluyo. Chala chinayenda kuchoka pa wa a Ultan, chinagunda kakhoma, chinakwera. Anabwereza. Kenako anafunsa ngati wopenta uja akudziwa kuti dzina lawo limathera ndi y, chifukwa pa boti analakwitsa.

Apo ndiye anthu anawomba m'manja, ndipo wina anagwetsa thireyi ya makapu. A Ultan anapita okha pa piyano, anavala chipewa, anamanga zingwe zake pansi pa chibwano. Podutsa kumbuyo kwanga ndinawagwira jekete.

"Majeki awiri pamenepo, a Ultan? Inu?"

"Alamu, majeki awiri satayidwa."

"Ndakuonani mukutaya makwini awiri chifukwa choti wina anatsokomola."

"Ndakalamba," anatero, ndipo anandimasula dzanja. "Sanjani makobidi anu, akukudikirani."

Sindinawafunsenso, ndipo sindidzawafunsa. Akanataya, lero dzina lawo likanakhala pabolodi kawiri. Akanapambana ndi majeki awowo, akanawaseka a Malachy mpaka kumanda, ndipo zimenezonso ndikuzikhulupirira.

Mwambo umati wachipewa ayende wapansi. A Malachy anati sangadikire mkazi wopanda chisoni amalize kudya anthu, apita nawo. Ndikusanja makobidi ndinawaona pazenera akutsika msewu wa kudoko, mvula ikuwamenya cham'mbali, a Ultan ndi chipewa chachikasu, a Malachy atawagwira pachigongono chifukwa m'mphepete mwa msewu saonamo. Galimoto ya mkaka inawaimbira hutala. A Malachy anaikwezera dzanja ngati hutalayo ndi yawo.

Ine ndinathera pamalo achitatu. Mtsikana wina wa ku Louisburgh anandigwira ndikunama, ndipo anachita bwino.

Nditafika kunyumba ndinawapeza m'khitchini mwanga, nsapato zonyowa zili pa chitofu, atatsegula mphika wa nyama ya nkhosa umene ndinasungira mawa. Chipewa chinali patebulo, pakati pa buledi ndi batala, chikudontha. Sanandimve ndikulowa. A Malachy anali atanyamula foloko m'mwamba, akuwaphunzitsa a Ultan.

"Vuto lanu, Ultan, mumadikira makadi okongola. Mulu ukatsala wolipira msonkho kakhumi, kusankha kwatha. Umakankha ukadali ndi mano."

"Nzeru zimenezi mwazitola kuti, madala?"

"Panyanja."

Ndinavula jekete n'kulikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko, umene zaka zambiri mu Febuluwale umalandira chipewa. Ndinauza a Ultan kuti achotse chinthu chonunkhacho pafupi ndi batala wanga, ndipo asayerekeze kuchiiwala popita. A Malachy anatembenuzira nkhope kwa ine, maso ali pambali, n'kufunsa kuti ndathera pati. Nditawauza, anati wachitatu si zoipa kwa munthu wosewera mopupuluma, ndipo anakankhira mphika kumbali yanga.